Kuika Chigamba Chimene Eni Pulogalamu Sanachilandire

Kuchokera pa tsiku limene munthu wina walemba njira yokonzera vuto la mu pulogalamu kufikira tsiku limene kukonzako kwafika pa kompyuta ya munthu wamba pamatha kudutsa masabata, miyezi ngakhalenso zaka, ndipo chochedwetsa si ulesi ayi, koma kutalika kwa njira imene kusintha kulikonse kumayenera kudutsa. Mu Linux, imene ndi imodzi mwa mapulogalamu oyendetsa kompyuta yonse otchedwa operating system, kusintha kwa mu kernel, limene ndi phata lolamulira purosesa, memori, disiki ndi zipangizo zina, kumayamba kwaunikidwa ndi woyang'anira gawo lokhudzidwalo, kenako n'kuperekedwa kwa Linus Torvalds, amene amalandira zatsopano zikuluzikulu m'masabata awiri okha a kumayambiriro kwa nyengo iliyonse, pamene kernel yatsopano imatuluka pakatha masabata 9 kapena 10. Ikatuluka imayembekezabe magulu amene amasonkhanitsa kernel ndi mapulogalamu ena masauzande n'kuwapereka kwa anthu ngati chinthu chimodzi, monga Debian, Ubuntu, Fedora, Arch ndi Gentoo, ndipo Debian imatulutsa mtundu wake wokhazikika pafupifupi zaka ziwiri zilizonse. Munthu amene Wi-Fi ya pa laputopu yake ikudukaduka lero, akapeza kuti mizere khumi yothetsa vutolo inalembedwa kale koma sinalandiridwe, ali ndi ufulu wosadikira, popeza malayisensi monga GPL amalola aliyense kusintha pulogalamu pa makina ake. Chofunika kuchiunika ndi udindo umene ufuluwo umabwera nawo, chifukwa kuika kusinthako ndi ntchito ya madzulo amodzi, pamene kukusamalira kulibe tsiku lodziwika lothera.

Chimene munthuyo wapeza akatswiri amachitcha patch, ndipo pano chitchedwa chigamba: fayilo yaing'ono ya malemba wamba yosonyeza kusiyana kwa source code yakale ndi yatsopano. Source code ndi malangizo amene olemba mapulogalamu amalemba m'chinenero chonga C, amene munthu angathe kuwawerenga koma makina sangawatsatire mpaka pulogalamu ina, yotchedwa compiler, itawasandutsa mafayilo omveka kwa purosesa. Ongoyamba kumene ambiri amaphonya mfundo yakuti chigamba sichiikidwa pa pulogalamu imene ikuyenda pa kompyutayo, koma pa source code yake, ndipo pambuyo pake pulogalamuyo iyenera kumangidwanso. Zida ziwiri zogwirira ntchito imeneyi n'zakale kuposa Linux: diff, imene imayerekeza mafayilo awiri n'kulemba kusiyana kwake, inachokera ku Bell Labs m'zaka za m'ma 1970, pamene patch, imene imatenga kusiyanako n'kukulowetsa mu fayilo, inalembedwa ndi Larry Wall, yemwe pambuyo pake anayambitsa chinenero cha Perl, ndipo inatuluka mu 1985.

Kalembedwe ka chigamba kamasonyeza pamene ngozi yake imabisala. Pamwamba pali mizere iwiri, wina woyamba ndi --- ndi wina woyamba ndi +++, yotchula fayilo imene ikusinthidwa, ndipo pansi pake pali zigawo, chilichonse choyamba ndi mzere wonga @@ -210,7 +210,8 @@, kutanthauza kuti mizere 7 yoyambira pa mzere 210 wa fayilo yakale ikusanduka mizere 8. Mzere woyamba ndi chizindikiro chochotsera ukuchotsedwa, woyamba ndi chophatikizira ukuwonjezedwa, koma mizere itatu ya pamwamba ndi itatu ya pansi, imene ilibe chizindikiro, sikukhudzidwa konse, ndipo ntchito yake ndi kulozera malo enieni oikapo kusinthako. Ngati fayilo ya pa kompyuta ya munthuyo ndi yosiyana pang'ono ndi imene wolemba chigamba anali nayo, pulogalamu ya patch imafufuza m'mwamba ndi m'munsi mpaka itapeza mizere yolozera ija, n'kunena kuti yaika chigawocho ndi offset ya mizere yakutiyakuti. Ikapanda kuipeza imayamba kunyalanyaza mizere ya m'mphepete, kufikira iwiri mbali iliyonse, zimene zimatchedwa fuzz, ndipo ikalepherabe imasiya chigawocho mu fayilo ya dzina lothera ndi .rej kuti munthu achiike yekha ndi manja.

Pa zotsatira zitatuzi, chimene chimaopsa ongoyamba ndi .rej, pomwe kwenikweni ndicho chosaopsa kwambiri, chifukwa chimanena poyera kuti ntchito sinathe. Choyenera kuchiopa ndi fuzz, popeza mu C muli malo ambiri ofanana maonekedwe, monga mizere yotseka ntchito, yobweza ziro kapena yodumphira kumalo oyeretsera pakachitika cholakwa, kotero kuti chigawo chikhoza kulowa mu ntchito yoyandikana ndi imene chinalembedwera, compiler n'kuchivomereza popanda dandaulo, vuto n'kudzaonekera patapita masabata ngati kuuma kwa kompyuta kosadziwika chiyambi chake. Zili ngati telala amene wapatsidwa chigamba chodulidwira malaya ena, amene angathe kuchisoka n'kugwira bwinobwino pomwe chibowo chili pambali pake. N'chifukwa chake ozolowera ntchitoyi amayamba ndi patch -p1 --dry-run, lamulo limene limayesa kuika chigamba popanda kusintha fayilo iliyonse, ndipo paliponse pamene pamveka mawu akuti fuzz amatsegula fayiloyo n'kuwerenga ndi maso awo. Kachidutswa ka -p1 kamangouza pulogalamuyo kuti ichotse foda yoyamba pa dzina la fayilo, imene kawirikawiri imakhala a/ kapena b/.

Chibwerereni Git, chida chosunga mbiri ya kusintha kwa source code, mu 2005, zambiri mwa zimenezi zinapepuka. Lamulo la git am limalowetsa chigamba pamodzi ndi dzina la wolemba ndi malongosoledwe ake, kotero kuti patapita chaka munthu amatha kudziwa chimene anaika ndi chifukwa chake, ndipo likapatsidwa --3way limagwiritsa ntchito fayilo yoyambirira imene chigambacho chinalembedwerapo, ngati ilipo m'mbiri, kuti liphatikize mbali zonse m'malo mongoganizira. Komabe Git sithetsa zolakwa ziwiri zofala. Zigamba za kernel nthawi zambiri zimabwera m'gulu, zolembedwa 1/5, 2/5 mpaka 5/5, ndipo kutola chachitatu chokha chifukwa ndicho chikutchula chipangizo cha munthuyo kumasiya kunja zimene chachitatucho chimadalira. Gulu lomwelo limatumizidwanso kangapo, ngati v2, v3 ndi kupitirira, ndipo limene limayamba kuonekera pofufuza pa intaneti kawirikawiri ndi loyambirira, lokhala ndi zolakwa zimene ounika anazipeza pambuyo pake. Chida cha b4, cholembedwa ndi Konstantin Ryabitsev, chinapangidwira zomwezi, chifukwa chimatenga gulu lonse, mtundu wake womaliza, pamodzi ndi mizere yosonyeza amene analiunika ndi amene analiyesa.

Luso lonseli silingayankhe funso limene liyenera kukhala loyamba, lakuti chigambacho sichinalandiridwe chifukwa chiyani. Mawu akuti chosalandiridwa amaphimba zinthu zosiyana kwambiri. Pali chigamba chimene woyang'anira wachivomereza kale ndipo chikungodikira kuti nyengo yolandira itseguke, ndipo chimenechi n'chodalirika pafupifupi ngati chimene chalowa kale. Pali china chimene sichinayankhidwe ndi aliyense, mwina chifukwa woyang'anira ndi wotanganidwa, mwina chifukwa chinatumizidwa kolakwika, ndipo kukhala chete kumeneko sikukuchitira umboni mbali iliyonse. Pali chimene chinakanidwa chifukwa chimachiza laputopu imodzi n'kupundula zina khumi, chimene mwini wa laputopu imodziyo angachiike mozindikira, ndiponso chimene chinakanidwa chifukwa chimaononga memori kapena deta ya pa disiki, chimene palibe ayenera kuchiika ngakhale chitaoneka kuti chathetsa vuto. Kusiyanitsa zimenezi kumafuna kuwerenga zokambirana za ounika mpaka kumapeto, ntchito yotopetsa imene ambiri amailumpha pothamangira lamulo loti akopere.

Mbiri ya Linux ili ndi zitsanzo zosonyeza kuti kukhala kunja si chizindikiro cha kuipa. Gulu la zigamba la PREEMPT_RT, limene limachititsa kernel kuyankha m'nthawi yotsimikizika monga mmene makina a m'mafakitale ndi zida zojambulira mawu zimafunira, linakhala kunja pafupifupi zaka 20 likusamalidwa ndi anthu monga Ingo Molnár, Thomas Gleixner ndi Steven Rostedt, likulowa pang'onopang'ono, mpaka chotsekereza chomaliza, chimene chinali kalembedwe ka mauthenga a kernel kotchedwa printk, chitakonzedwa ndipo linalandiridwa mu Linux 6.12 mu 2024. WireGuard ya Jason Donenfeld, njira yolumikizira makompyuta mobisa, inagwiritsidwa ntchito kwa zaka ili kunja, itachedwetsedwa ndi mkangano wa mmene masamu ake obisira uthenga angakhalire limodzi ndi amene anali kale mu kernel, ndipo inalowa mu Linux 5.6 mu 2020. OpenZFS, njira yosungira mafayilo yochokera ku Sun Microsystems, ili kunja pa chifukwa chosakhudza luso, chakuti layisensi yake ya CDDL imaonedwa kuti sigwirizana ndi GPL. Koma chitsanzo cha Con Kolivas, dokotala wogonetsa odwala wa ku Australia amene zigamba zake zotchedwa -ck zinakondedwa ndi ambiri ofuna kompyuta yochangamuka, chimaonetsa mbali ina, chifukwa atalengeza mu 2021 kuti wasiya kuzikonzanso, onse amene ankazidalira anatsala ndi kusankha pakati pa kuzisiya ndi kuzisenza okha. Zigamba zitatu zoyambazo zinali ndi gulu la anthu kumbuyo kwake, pamene chigamba cha mizere khumi chotoledwa pa intaneti nthawi zambiri chilibe aliyense.

Munthu akatsimikiza kuti chigambacho n'choyenera, njira yolowetsera pulogalamu yomangidwayo mu kompyuta ndiyo imasiyanitsa ntchito yaukhondo ndi chisokonezo. Pafupifupi Linux iliyonse ili ndi pulogalamu yoyang'anira maphukusi, monga apt ndi dpkg mu Debian kapena pacman mu Arch, imene imasunga kaundula wa fayilo iliyonse ndi phukusi limene inachokera. Kutenga source code kwa eni ake, kuimanga n'kulamula make install pamwamba pa mafayilo a mu /usr ndi kulambalala kaundulayo, ndipo zotsatira zake ndi zakuti woyang'anira maphukusi amapitiriza kukhulupirira kuti mafayilo akale alipo, n'kudzawafufuta atsopanowo mosachenjeza pa tsiku lokonzanso, komanso zigamba zimene Debian kapena Ubuntu inaika kale pa pulogalamuyo zimatayika. Njira yoyenera ndi kumanganso phukusi lenilenilo. Mu Debian munthu amatenga source code ya phukusi ndi apt source, amakoka zofunika pomanga ndi apt build-dep, amaika chigamba mu foda ya debian/patches n'kuchilemba mu fayilo ya series, kaya ndi manja kaya ndi chida cha quilt, amawonjezera kachizindikiro kake pa nambala ya phukusi ndi dch --local, kenako n'kumanga ndi dpkg-buildpackage. Mu Arch chigamba chimalembedwa mu fayilo ya PKGBUILD n'kuikidwa mu gawo lake la prepare, makepkg n'kumaliza ntchito. Gentoo, imene imamanga mapulogalamu pa kompyuta ya mwini wake kale, ndiyo inakonzekera bwino koposa, chifukwa chigamba chongoikidwa mu foda ya dzina la phukusi pansi pa /etc/portage/patches chimalowetsedwa chokha nthawi iliyonse phukusilo likamangidwa.

N'zodabwitsa kwa ambiri kuti kernel, imene imamveka yoopsa kuikhudza, ndiyo yosavuta kubwererapo zinthu zikalakwika. Makernel angapo amatha kukhala pa kompyuta imodzi, ndipo munthu amene wapatsa yake dzina losiyana kudzera mu CONFIG_LOCALVERSION, n'kusiya ya Debian kapena ya Fedora pamalo pake, akaona kuti yatsopano yakana kudzuka amangoyatsanso kompyuta n'kusankha yakale pa mndandanda wa GRUB, pulogalamu yodzutsa kompyuta. Lamulo la make olddefconfig limatenga makonzedwe a kernel imene ikuyenda, ngati akoperedwa, make localmodconfig limachepetsa zomangidwa kuti zitsale za zipangizo zimene zikugwira ntchito pa nthawiyo, chinthu chothandiza pa laputopu yakale imene ingathe maola ikumanga, ndipo make bindeb-pkg limatulutsa phukusi lodziwika kwa dpkg. Chopinga chimene chimadzidzimutsa ndi Secure Boot, njira imene makompyuta ambiri atsopano amakanira kuyendetsa kernel yosasainidwa, ndipo mwini wake ayenera kuizimitsa kapena kulembetsa kiyi yakeyake ndi mokutil n'kusaina nayo. Kuopsa kwenikweni kuli pa glibc, laibulale imene pafupifupi pulogalamu iliyonse imadalira, ndiponso pa systemd, imene imayambitsa mapulogalamu ena kompyuta ikayatsidwa, ndi GRUB yeniyeniyo, chifukwa zimenezi sizikhala ziwiriziwiri, ndipo glibc yoonongeka imalepheretsa ngakhale malamulo amene akanaikonza. Pa zoterezi kuyesa kaye pa kompyuta yoyerekezera, kukhala ndi kope ya deta ndi flashi yodzutsira kompyuta si kusamala kopyola muyeso, makamaka kumene magetsi amazima mosachenjeza.

Tsiku lotsatira kuika chigamba ndi pamene udindo umayamba. Debian ikatulutsa kukonza kwa chitetezo pa phukusi lomwelo, nambala yake imaposa ya phukusi lomangidwa kunyumba, ndipo apt imalichotsa n'kuika latsopano, vuto lakale n'kubwerera. Mwini kompyuta angaletse zimenezi ndi apt-mark hold, kapena ndi IgnorePkg mu Arch, koma potero waletsanso kukonza kwa chitetezo kulikonse kwa phukusilo, ndipo ngati phukusilo ndi kernel, OpenSSH kapena pulogalamu yotsegulira intaneti, wasinthanitsa vuto looneka ndi mavuto osaoneka. Pa zoipa ziwirizi, kufufutidwa kwa chigamba n'kwabwinopo, chifukwa kumadzionetsa kokha, pamene phukusi loimitsidwa limaiwalika. Chotsala ndi chakuti munthuyo azitsatira yekha zolengeza za chitetezo n'kumamanganso nthawi iliyonse, imene ndi ntchito yomwe oyang'anira maphukusi amagwirira anthu mamiliyoni, tsopano itagwera munthu mmodzi pa kompyuta imodzi. Ntchitoyo imalemera pakapita nthawi chifukwa olemba kernel, ngakhale amasamala kwambiri kuti asasokoneze mapulogalamu a anthu, salonjeza kuti zamkati mwa kernel zidzakhala chimodzimodzi, ndipo akasintha dzina kapena kapangidwe ka ntchito ina amakonza zonse zimene zili mkati, zakunja n'kusiyidwa kuti zidzionere zokha. Chida cha DKMS, chimene chimamanganso tizigawo ta kunja nthawi iliyonse kernel ikasintha, chimachepetsa thukuta koma sichingalembe mzere umene wasweka.

Palinso ngozi yochokera kwa munthu wa zolinga zabwino amene akusintha zimene sakuzimvetsa mpaka pansi. Mu 2006 phukusi la mu Debian la OpenSSL, laibulale yobisira uthenga, linasinthidwa pofuna kutontholetsa machenjezo a chida chofufuzira zolakwa chotchedwa Valgrind, ndipo mizere iwiri imene inachotsedwa inali yodyetsa manambala osayembekezereka mu gawo lopanga makiyi achinsinsi. Kuyambira pamenepo kufikira Meyi 2008, pamene Luciano Bello anatulukira vutolo, makiyi opangidwa pa Debian ndi Ubuntu ankachokera mu gulu la pafupifupi 32,768 okha pa mtundu uliwonse, ochepa moti wakuba akanatha kuwayesa onse. Chigambacho chinamangika bwino, mapulogalamu anayenda bwino, ndipo panalibe chizindikiro chilichonse chimene wogwiritsa ntchito akanaona. Izi sizikutanthauza kuti chimene eni ake alandira n'choyera nthawi zonse, popeza khomo lobisika limene Andres Freund anapeza mu Malichi 2024 mu pulogalamu yopanikiza mafayilo ya xz 5.6.0 ndi 5.6.1 linaikidwa ndi munthu amene anali atapatsidwa udindo wa woyang'anira. Kusiyana kuli pa kuchuluka kwa maso: cholakwa cha mu pulogalamu yogawidwa kwa onse chimakumana ndi anthu ambiri amene mmodzi mwa iwo angachione, pamene cha pa kompyuta imodzi chilibe wina wochiona kupatula mwini wake.

Pa chifukwa chomwecho, munthu wokhala ndi chigamba amataya gawo la thandizo limene ena amalandira. Oyang'anira maphukusi akalandira dandaulo lochokera pa phukusi losinthidwa amapempha kuti vutolo lionetsedwe kaye pa phukusi lawo, ndipo nkhanza palibe pamenepa, chifukwa sangafufuze source code imene alibe. Kernel imadzilemba chizindikiro cha O ikalowetsedwa kagawo komangidwa kunja, koma chigamba choikidwa mkati mwa source code sichisiya chizindikiro chotere, kotero kuti kuulula kuli kwa wodandaulayo. Komabe woyesa chigamba ali ndi chinthu chimene olemba amachisowa, chimene ndi chipangizo chenichenicho. Kuyankha wolemba ndi mzere wa Tested-by, wotchula kernel ndi makina amene chayesedwapo, nthawi zina ndiko kumasuntha chigamba chimene chinaima, ndipo popeza makernel okhazikika amene Greg Kroah-Hartman ndi anzake amasamalira amalandira kukonza kumene kwalowa kale kwa Torvalds kokha, njira imeneyo ndiyo imabweretsa kukonzako ku maphukusi wamba.

Chigamba chikalandiridwa, kuchichotsa kumafunanso chidwi. Nthawi zina patch imanena yokha kuti yapeza chigamba chotembenuzidwa kapena choikidwa kale, n'kufunsa ngati ichibweze, ndipo kuvomera pamenepo kumachotsa kukonza kumene munthu ankakufuna. Nthawi zina chimene chinalandiridwa ndi v4 yosiyana ndi v2 imene ili pa kompyutayo, kapena vutolo linathetsedwa pamalo ena mwa njira ina, kotero kuti chigamba chakale chimalowabe popanda dandaulo n'kukonza kawiri chinthu chimodzi. Fayilo yaifupi yosungidwa pambali pa chigamba chilichonse, yotchula kumene chinachokera, vuto limene chimathetsa ndi mtundu wa pulogalamu umene chinayesedwapo, ndiyo imatheketsa kuyerekeza ndi mndandanda wa zosintha wa phukusi latsopano, ndipo zikagwirizana chigambacho chimachotsedwa mu series kapena mu /etc/portage/patches, apt-mark unhold imamasula phukusi loimitsidwa lija, ndipo phukusi la eni ake limaikidwanso pamalo pake.